Masika ano: juzi m'chikwama, diso pa chimanga

Epulo akamapita kumapeto, mvula ya kuno kwathu imakhala ngati mlendo amene watsanzika kale koma akadali chiimire pakhomo, nkhani osatha. Yati ndapita, koma timitambo tikungozungulirabe. M'mawa mukudzuka mukunjenjemera, pofika 11 koloko mwavula juzi n'kumadzifunsa kuti mwaitengeranji, madzulo mukuifunanso. Sabata imene tikuwolokera mu Meyiyi imapusitsa anthu ambiri chaka ndi chaka, ndiye tiyeni tiione bwino isanatipeze.

Mafoni athuwa ndi mabuku ena akusukulu amati chigawo chino cha dziko lapansi tsopano chili mu autumn. Dzina limenelo ndi la eni ake, kumene mitengo imafiira masamba n'kuyoyola onse chipale chofewa chisanagwe. Ife tili ndi lathu, masika. Makolo anagawa chaka poyang'ana munda ndi mimba: dzinja la mvula ndi njala, masika a zokolola, kenako chisanu, kenako chilimwe. Masika ndiye nthawi ya maungu, mbatata, nzimbe ndi mtedza wauwisi wowiritsa, nthawi imene mlendo sachoka pakhomo chimanjamanja. Ndimalikonda dzina limeneli chifukwa limakuuzani ntchito yoti mugwire, osati mtundu wa masamba.

Chimene chikuchitika kumwambako si chovuta kumva. Cha pa 20 kapena 21 Malichi dzuwa limakhala lili pamwamba penipeni pa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo kuchokera pamenepo limanka likupendekera kumpoto mpaka cha pa 21 Juni, tsiku limene masana amafupika kwambiri kwa ife. Lamba wa mitambo amene amatibweretsera mvula m'dzinja amatsatira dzuwalo. N'chifukwa chake mvula imayamba kuleka kummwera ndi pakati, pamene anzathu a ku Nkhata Bay ndi Karonga amakhala akunyowabe mu Epulo, mwinanso mpaka mu Meyi. Wina wa ku Mchesi akamalemba pa WhatsApp kuti mvula inatha kalekale, wa ku Chintheche amangomuseka.

Lambayo akachoka, malo ake amatengedwa ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, ku nyanja yamchere ya India. Mitambo ikachepa, masana dzuwa limawomba mosatchingidwa, koma usiku kutentha konse kumene nthaka inasunga kumathawira kumwamba popeza palibe chofunda. Mitambo ndi bulangete la dziko. Ndiye ku Lilongwe nthawi ngati ino masana kumafika madigiri 25 kapena kuposerapo pang'ono, koma m'bandakucha kumatsika mpaka cha m'ma 15, ndipo Meyi akamalowa m'kati kumatsikirabe. Kusiyana kumeneku, kwa tsiku limodzi lomwelo, ndi kumene kumatisokoneza pa kavalidwe.

Komanso tisamayankhule ngati Malawi yense ali pamalo amodzi. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, Lilongwe ndi Blantyre ali pa 1,000 ndi kakuti, nyanja yathu ili pa mamita osafika 500, ndipo Nsanje ali pansi penipeni, osafika ndi 100 omwe. Munthu wonyamuka ku Dedza m'mawa atavala chipewa ndi jekete akafika ku Nchalo madzulo akutuluka thukuta, chifukwa ku chigwa cha Shire madigiri 30 akadali chinthu wamba. Ngati muli ndi ulendo sabata ino, funsani za kumene mukupita, osati za kumene mwaima.

Tsopano za chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mbali imene mitambo yake imatulukira mukakhala ku Mulanje kapena ku Thyolo. Mphepo yozizira, yodzaza chinyezi cha m'nyanja, ikagunda mapiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka chifunga ndi mvula yamawawa. Si mvula yamabingu ayi. Ndi kamvula kaulesi kongonyowetsa, kotha kukhala masiku awiri, atatu, nthawi zina kuposerapo, dzuwa osaoneka. Mulanje, Thyolo, Chiradzulu, Blantyre ndi Zomba ndiwo amalawa kwambiri, koma chikakula chimafika ku Ntcheu, ku Dedza mpaka ku mapiri a Viphya. Nyengo yake yeniyeni ndi Juni ndi Julayi, koma choyamba chimakonda kubwera mozemba cha kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, anthu atayanika zinthu panja.

Pali kanjira kena kodziwira kuti chili m'njira, ndipo ambiri a ife tili nako m'foni momwemo. Mphepo imeneyi imakankhidwa ndi mpweya wolemera umene umadutsa kunsi kwa South Africa n'kukhotera m'mbali mwa nyanja kulowera ku Mozambique. Ndiye achimwene anu a ku Durban akayamba kudandaula pa gulu la banja kuti kwazizira mwadzidzidzi ndipo kukuwaza, werengani masiku awiri kapena atatu. Kawirikawiri imadutsa kaye ku Zimbabwe, kumene amaitcha guti, kenako imatipeza. Sikuti nthawi zonse imafika ndi mphamvu, ina imathera m'njira, koma ndi chenjezo laulere.

Nanga foni ija imene imakuonetsani kadzuwa komwetulira sabata yonse? Mapulogalamu a zanyengo amene amabwera ndi foni amatenga manambala ku makompyuta akuluakulu akunja, omwe amagawa dziko m'mabokosi a makilomita angapo mbali iliyonse. Phiri ngati la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, limadzipangira nyengo yakeyake, ndipo bokosi limodzi likhoza kuphatikiza malo onyowa ndi ouma n'kukupatsani za pakati zimene sizikuchitika kulikonse. Za mawa ndi mkuja mafoniwa amayesetsa ndithu. Za tsiku lachisanu ndi chiwiri zitengeni ngati malonjezo a telala. Ndipo mukaona 40 peresenti, sakutanthauza kuti mvula igwa pang'ono. Akuti pa masiku khumi ooneka ngati limeneli, anayi kumagwa mvula pamalopo. Ikhoza kukhala yambiri. Ine ndimayamba ndaona zimene yalengeza nthambi ya boma yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Imatulutsa ulosi wa tsiku ndi tsiku komanso wa masiku angapo, pa wailesi ndi pa Facebook, m'Chichewa momwe, ndipo machenjezo a mwera ndi chiperoni amachokera kumeneko. Anthu amenewa amadziwa kusiyana kwa Bvumbwe ndi Chikwawa, pomwe kompyuta ya kutsidya kwa nyanja imangoona kuti malowa ayandikana.

Zonsezi ndazinena chifukwa cha chimanga. Ambiri amene mukuwerenga muli m'tauni, koma musandiuze kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Feteleza uja munatumiza ndinu. Ndalama ya aganyu okolola ikupemphedwa kwa inu sabata inoyi, ndipo mu Januwale ufa ukatha kumudzi, foni imene idzalire ndi yanu. Chimanga chimene chapulumuka ng'amba, mbozi ndi akuba chikhoza kuwonongeka m'masabata awiri okha ano, pakhomo penipeni, chifukwa chothiridwa m'thumba chisanaume.

Kuti chimanga chisungike bwino, chinyezi chake chiyenera kutsika kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo. Chimene changochoka m'munda kapena pa mkukwe nthawi zambiri chimakhala chisanafike pamenepo, ngakhale chikuoneka chouma ndi maso. Mukachitsekera chotero chimatentha m'thumbamo, chimachita nkhungu, ndipo anankafumbwe amachipeza chofewa. Choopsa kwambiri ndi chuku. Nkhungu zina zimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene samva moto: kuphika nsima, kukazinga mtedza, ngakhale kufulula mowa sikumuchotsa. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akatswiri amamutchulanso pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Ndiye chizolowezi chathu chija chosankha chimanga chowola n'kunena kuti ichi n'cha nkhuku, ichi n'cha mowa, si kupulumutsa kanthu. Poizoniyo amangosintha njira yobwerera pa mbale.

Makina oyezera chinyezi si aliyense ali nawo, koma botolo lagalasi ndi mchere zilipo nyumba iliyonse. Tengani botolo louma bwino, umitsaninso mchere padzuwa kapena pa chiwaya, thirani chimanga chotonola pang'ono ndi masipuni awiri a mcherewo, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi n'kulisiya kwa kotala la ola. Mukakhutchumulanso n'kuona mchere ukumatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, chibwerere padzuwa. Mchere ukamangoyoyokera pansi, mwatha. Agogo amaluma njere n'kumvera ngati ikuthetheka, ndipo nthawi zambiri amalondola, koma botolo silitopa mano. Ijambuleni kavidiyo njira imeneyi, mutumizire mlongo wanu kumudzi. Bando ya tsiku limodzi yomwe mumathera pa TikTok ikhoza kupulumutsa matumba khumi.

Poyanika, chimanga chisagone padothi. Pansi pamakhala chinyezi, ndiponso nkhungu zija zimakhala m'dothi momwemo. Mphasa, mkeka kapena lona, chilichonse chotchinga. Ndipo nthawi ino mame ndi ambiri. Usiku wopanda mitambo umazizira mpaka mpweya kulephera kusunga chinyezi chake, ndiye chimatera pa udzu, pa malata ndi pa chimanga chimene mwasiya panja. Chogona panja osavundikira chimamwa usiku madzi amene chinataya masana, mawa lake n'kuyambiranso. Yanikani mame akauma, cha m'ma 9 koloko, muanule dzuwa lisanalowe. Dziwani kuti masiku ano likulowa msanga, cha m'ma hafu pasiti faifi, osati ngati mu Januwale. Chiperoni chikakupezani chimanga chili pa lona, musachiunjike mulu n'kuchiphimba ndi pulasitiki masiku atatu. Pamenepo mwachiphikira nkhungu. Chiyalitseni mopyapyala pakhonde kapena m'chipinda chopita mphepo, muzichitembenuza.

Matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, ndi abwino zedi chifukwa amapha anankafumbwe powamana mpweya, popanda mankhwala. Koma alibe chifundo ndi chimanga chonyowa. Chinyezi chimene mwatsekeramo sichituluka. Ndaonapo banja lina litagula matumba otere ndi ndalama yotumizidwa kuchokera ku Joni, n'kuthiramo chimanga mothamanga kuti mwini ndalama aone zithunzi. Atamasula mu Ogasiti, fungo lake linali la mowa wosasa. Thumba linalibe mlandu.

Kuthamangako sikuchokera ku ulesi nthawi zonse. Venda wafika kale pamudzi ndi sikelo yake, fizi ya teremu yachitatu ikufunika, ngongole ya ku banki m'khonde yakwana. Mlimi amagulitsa nthawi imene chimanga chili ponseponse ndipo mtengo uli pansi, n'kudzagulanso chomwecho mu Febuluwale mtengo utakwera. Apa ndi pamene ife a m'tauni tingathandize mwanzeru. M'malo modikira kudzatumiza ndalama ya ufa m'dzinja, tumizani ya fizi lero kuti matumba atatu asatuluke pakhomo. Ndikudziwa kuti malipiro a mwezi uno analowa kale m'mabowo ake asanafike n'komwe, nanenso ndili momwemo, koma masamu ake ndi oonekeratu. Ndipo inu amene mukufuna kugula chimanga chotchipa kuti musunge ku Area 25 kapena ku Chirimba, yendani ndi botolo lanu la mchere. Chimanga chonyowa chimalemera pa sikelo, ndiye mumalipira madzi, kenako chimakuwolerani m'nyumba ya lendi.

Mtedza nawo nkhani yake ndi yomweyo, mwinanso kuposa, chifukwa ndiwo umakondedwa kwambiri ndi chuku. Ukakumbidwa uume ndi masamba ake, makoko asakhudze dothi, ndipo usayanikidwe pa denga la malata. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa chimasangalatsa zala, koma chimanyowetsa mtedza umene unauma kale. Nsinjiro zimenezo zimathera m'phala la mwana.

Tichoke kumunda. Pa 1 Meyi ndi tchuthi cha apantchito, ndipo magulu a WhatsApp adzaza kale ndi mapulani a ku Senga Bay ndi Cape Maclear. Pitani, nyanja nthawi ino imakongola, madzi akhuta ndi mvula ya dzinja lonse. Koma mphepo yomweyo imene imabweretsa chiperoni kumapiri, ikafika panyanja imatchedwa mwera. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo inagona motsata njira ya mphepoyo, kuchokera kummwera kupita kumpoto, pakati pa mapiri. Mphepo imathamanga mtunda wonsewo popanda choitchinga, mafunde n'kumakula. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi, kufupi ndi Chitimba, pa mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Kaboti kamatabwa kopita ku kachilumba, kodzaza anthu khumi ndi awiri, mabokosi a zakumwa ndi sipika, kopanda jekete zoyandamitsa, ndi chiyani pamaso pa mwera?

Lamulo langa ndi losavuta: onani asodzi. Mabwato akakhala pamchenga nthawi imene amayenera kukhala pamadzi, inu mulibe chifukwa chokwerera boti, ngakhale mwini wake akutsitsireni mtengo. Nyanja ikhoza kukhala bata m'mawa n'kusintha musanabwerere. Ndipo mukamva kuti usipa wakwera mtengo pa msika wa Limbe kapena wa Lizulu, musafulumire kukalipira mayi wogulitsa. Mwera ukawomba masiku angapo asodzi sapita, nsomba sizifika. Chosangalatsa n'chakuti mphepo yomweyi imadyetsanso nyanja: imakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ndipo madzi ozizira apansi, okhala ndi chakudya cha tizomera timene nsomba zimadalira, amakwera chakummwera. N'chimodzi mwa zifukwa zimene dera la Mangochi limakhalira ndi nsomba zambiri.

Za thupi ndinene mwachidule, kupatula chimodzi. Kuzizira kukayamba timatseka mawindo n'kuunjikana, m'minibasi, m'kalasi, m'chipinda, ndipo chimfine chimayenda mosavuta. Mwana wamng'ono akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti muone mawa, chikhoza kukhala chibayo. A mphumu, fumbi layamba, mankhwala akhale pafupi. Neti musaipinde. Madzi akadali m'madambo ndi m'maenje, udzudzu sunapite, ndipo kutentha thupi kulikonse mu Meyi kumafunika kuyezetsa malungo, osangoti ndi kusintha kwa nyengo.

Chimodzi chija ndi mbaula. Usiku woyamba wozizira kwenikweni, makamaka magetsi akazima, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, mpweya umene suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo amene wagona kale sadzuka kuti adandaule. Makala ofiira opanda utsi, amene timati apsa bwino, amautulutsabe. Otherani moto pakhonde, mbaula itsale panja, m'nyumba mulowe bulangete. Ngati muli ndi mlonda kapena mnyamata wogona m'kachipinda kakuseri, mufunseni ngati ali ndi chofunda chokwanira, chifukwa amene amachita zimenezi nthawi zambiri ndi amene alibe.

Ndiye sabata ino muikonze chonchi. Masiku ambiri pakati ndi kummwera yembekezani m'mawa wozizira, masana adzuwa ndi mphepo youma. Kumpoto m'mbali mwa nyanja ambulera asachoke m'chikwama. Ntchito zofuna dzuwa, kuyanika, kuchapa mabulangete, kumata denga, zichiteni tsiku loyamba limene kwacha bwino, musasungire Loweruka, poti chiperoni sichiona kalendala. Amene mumadalira sola, tchajani foni ndi pawabanki kukadali dzuwa. Masiku atatu a mitambo amagwetsa batire, ndipo Airtel Money kapena Mpamba sizituluka m'foni yozima. A kabaza ndi okwera kabaza, chifunga cha m'mawa pa msewu wa Thyolo, pa Zomba kapena pa Dedza chimabisa njinga mpaka galimoto itafika pafupi, ndiye nyali iyake ndipo chovala chikhale chowala. Juzi ya pa kaunjika gulani pano, ogulitsa asanamve kuzizira m'mafupa mwawo. Pofika Juni mtengo wake umakhala wina.

Kanthu kena kamene ife a mafoni tikukaiwala ndi mfutso. Nkhwani, khwanya ndi chitambe zikadali zambiri m'minda ndi pamsika, zotchipa, ndipo pakangotha masabata ochepa ziyamba kusowa. Dzuwa la masika ndi mphepo yake youma ndi zimene amayi athu ankadikira kuti afutse ndiwo za chilimwe. Masambawo amawawiritsa pang'ono, n'kuwayanika pa lichero kapena pa mphasa yoyera mpaka atauma kuti gwa, kenako m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka bwino. Pakhonde la nyumba ya lendi malo a malichero awiri amapezeka. Mu Okutobala, mpiru wa pamsika utafota ndi dzuwa ndipo kampukutu kake katachepa ngati chala, mfutso wotendera udzakukomerani. Nsinjiro zake zikhale za mtedza umene mwasankha nokha, wopanda wofota kapena wakuda.